Nkhondo yomaliza patebulo: zochita kuti osewera aiwale mafoni awo

Gulu likasewera miyezi ingapo n'kufika pakhomo pa mdani wamkulu, aliyense amayembekeza kuti Loweruka likubwerali kugwa chinthu. Koma nthawi zambiri nkhondo yoyembekezekayo imangosanduka masamu. Uyu waponya dayisi ya mbali 20, 14, waphonya. Winayo 19, wamenya, chotsani 11. Wachitatu ali pa Facebook podikira nthawi yake. Pakatha maola awiri mdani wagwa, anthu akuyasamula, nkhani yatembenukira ku njinga yobwererera ku Kapata.

Malangizowa ndi a inu amene mumatsogolera masewera a nthano a patebulo, momwe wosewera aliyense amakhala munthu wa m'nkhani ndipo madayisi amagamula zochitika, inu amene mu Dungeons & Dragons amakutchani Dungeon Master. Zitsanzo zambiri ndizitenga m'masewera amenewa chifukwa ndiwo odziwika kwambiri. Anatuluka ku America mu 1974, olemba ake ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo malamulo amene ambiri akutsata lero ndi a 2014, omwe anakonzedwanso mu 2024. Mabuku ake sapezeka wamba kuno ku Chipata, koma mu 2023 kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa msana wa malamulowo, wotchedwa SRD 5.1, pansi pa chilolezo cha Creative Commons, moti mutha kuutsitsa pafoni osalipira. Ngati gulu lanu lili ndi malamulo ena, kaya ongopangana nokha ndi madayisi a Ludo, zambiri mwa izi zigwirabe ntchito.

Maganizo anga ndi akuti nkhondo imagwira mtima pamene osewera akukakamizika kusankha pakati pa zinthu ziwiri zimene amazikonda, uku nthawi ikuwathera. Makandulo ndi ng'oma zimathandiza, koma zimabwera pambuyo, ndiye nanenso ndaziika pambuyo.

1. Kudakali sabata: pezani chimene angataye

Tengani pepala mulembe funso ili: osewera akagonja, mawa lake kucha bwanji m'dziko la nkhaniyi? Ngati yankho lanu ndi lakuti "afa basi", simunakonzeke. Imfa ya munthu wa papepala siopsa kwenikweni. Aliyense amadziwa kuti wotsogolera safuna kupulula gulu lonse, ndipo wina akafa amangopanga munthu watsopano. Chimene chimaluma ndi kutaya chinthu chimene akhala akuchisamala kuyambira kale, iwo ali moyo, akuonerera.

Nachi chitsanzo chimene tiziyenda nacho mpaka kumapeto. Mfumu yolanda mpando yathawira pa mlatho wa zingwe, pansi pake mtsinje wasefukira mmene Luangwa imachitira mu February. Tsidya lino kuli nkhokwe za mudzi umene unasunga osewera pa nthawi ya njala, ndipo anyamata a mfumuyo afika ndi miuni. Pakati pa mlatho amangirirapo mwana. Tsidya linalo bwato likudikira, ndipo mfumu ikangolowamo ndiye kuti yapita. Nkhokwe, mwana, mdani. Anthu asanu sangagwire zonsezi ndi mphamvu yofanana, ndipo mkangano umene ubuke patebulo wakuti "ndani apite kuti" ndiwo mtima wa tsikulo.

Zinthu zoterezi musazipeke lero. Bwererani m'makope a masabata apitawa muone kuti ndani amene osewera amamutchula osayang'ana pakope. Kawirikawiri sakhala mwana wamkazi wa mfumu amene munamukonzera masamba atatu. Amakhala agogo ogulitsa mbewa pamphambano, amene munawapeka mwangozi chifukwa wina anafunsa kumene angagule chakudya. Mdzukulu wa agogo amenewo ndiye akhale pa mlatho.

Kenaka wosewera aliyense mumupezere kachingwe kake komukokera m'nkhondoyi. Msilikali anaphunzitsidwa mkondo ndi munthu amene tsopano akulondera mfumuyo. Sing'anga analumbira kuti sadzakhetsanso magazi. Wakuba uja mfumu inamulonjeza chikhululukiro ngati angaime pambali. Sizikufunika kuti zonse ziphulike tsiku limodzi, ziwiri zikwanira.

Pomaliza, musabise. Masewera a sabata yotsogolera tsikulo asanathe, osewera aone utsi patali, amve kuti mwana wasowa, aone bwato likukonzedwa. Mantha amafuna sabata yoti akule. Chinthu chimene mwangowadzidzimutsa nacho chimawagwedeza mphindi imodzi yokha.

2. Konzani bwalo loti lisinthe

Chipinda chamakona anayi chopanda kanthu ndicho chimapha nkhondo zambiri. Aliyense amaima pamene waimapo n'kumamenya mpaka wina agwe. Jambulani bwalo papepala lalikulu, ngakhale kumbuyo kwa kalendala yakale kapena katoni yophwasula. M'malamulo a Dungeons & Dragons kabokosi kamodzi kamaimira mafiti 5, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo munthu wamba amayenda mafiti 30 pa nthawi yake, kutanthauza timabokosi 6. Muziwerengera zimenezi. Ngati nkhokwe zili timabokosi 14 kuchokera pa mlatho, wopita kumeneko wataya nthawi zake ziwiri kapena zitatu, ndipo akuyenera kudziwa zimenezo asananyamuke. Tizidole togula sitikufunika. Zitsekerero za mabotolo zimene timaseweretsa drafti zikwanira, za mdani muzitembenuze chagada.

Pabwalopo ikanipo zinthu zitatu zimene munthu angazigwire, kuzigwetsa kapena kuziyatsa, ndipo muzitchule mokweza poyamba penipeni. Sitikusowa zotengera kuno kwathu. Gombe la mtsinje limene madzi alidya pansi limagumuka munthu wolemera akaimapo. Udzu wouma wa mu September umagwira moto n'kuthamanga ndi mphepo kuposa munthu. Chulu chimabisa woponya mivi, komanso chimamukweza. Chitedze chopachikika pamtengo ndi chida choopsa kwa munthu wovala zachitsulo amene sangadzikande. Njuchi m'mphako, linthumbu panjira, matope a m'dambo amene amameza phazi mpaka m'bondo. Ofuna linga lenileni la nsanja ndi makoma aone zithunzi za Lundazi Castle, imene inamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 motengera malinga a ku Ulaya, ajambule mapu kuchokera pamenepo.

Wosewera akafunsa kuti, "Akulu, chingwe cha mlathochi chingadulike?" yankho likhale lakuti inde, ndipo mumuuze mtengo wake asanaponye dayisi: chikaduka, aliyense amene ali pa mlatho, kuphatikizapo mwana uja, ayenera kuponya kuti agwire thabwa. Kumukaniza kumaphunzitsa gulu lonse kuti bwalolo ndi chithunzi chabe.

Bwalo lizichitanso zake lokha. Buku la zilombo la Dungeons & Dragons la 2014 linapatsa zilombo zikuluzikulu mphamvu yoti malo awo okhala azimenya nawo nkhondo, pa nambala 20 ya initiative, mndandanda wosonyeza woyamba kuchita ndi omutsatira. Bwerekani lamulo limenelo ngakhale mdani wanu ndi munthu wamba. Lembani zinthu zinayi zimene zichitike motsatana: koyamba mphepo ikankhira moto ku nkhokwe yachiwiri, kachiwiri madzi akwera n'kumiza miyala yopondapo, kachitatu matabwa atatu a mlatho athyoka, kachinayi mvula iyamba ndipo mivi iyamba kuphonya. Zikamachitika muzifufuta ndi kujambulanso pamapu iwo akuona.

3. Mdani asakhale thumba lomenya

Apa pali masamu pang'ono, ndipo ndi ofunika. Tinene kuti muli ndi osewera 5, aliyense akamenya amachotsa pafupifupi 20 pa HP ya mdani (nambala yosonyeza moyo umene watsala nawo), ndipo amamenya ka 6 pa ka 10 kalikonse. Ndiye kuti gulu lonse limachotsa pafupifupi 60 pa ulendo umodzi wozungulira tebulo. Mdani wa HP 180 agwa pa ulendo wachitatu. Popeza ulendo umodzi m'nkhani ndi masekondi 6, munthu amene akhala akumuopa miyezi yonseyi wakhala moyo masekondi 18, ndipo wachitapo kanthu katatu kokha, mwinanso kawiri.

Mankhwala amene ambiri amathamangira ndi kumuwonjezera HP mpaka 500. Musatero. Nkhondo italika koma sikoma. Vuto si kuchepa kwa magazi ake, vuto ndi lakuti iwo akuchita zinthu zisanu pamene iye akuchita chimodzi. Chitani izi m'malo mwake.

Mupatseni mwayi wochita kanthu pakati pa nthawi za osewera. Malamulo a 2014 amapatsa zilombo zamphamvu zochita zapadera, kawirikawiri zitatu pa ulendo, zimene zimagwiritsidwa ntchito wosewera wina akangomaliza nthawi yake. Zisakhale kumenya kokhakokha. Mfumu ibwerere m'mbuyo timabokosi titatu kulowera ku bwato, ilamule mnyamata aponye muuni, igwedeze mlatho.

Mupatseni anyamata ambiri ofooka. Malamulo a Dungeons & Dragons a 2008 anali ndi adani ang'onoang'ono a HP 1 yokha: amamenya mopweteka ndithu, koma ukangowakhudza agwa. Palibe cholemba, palibe chowerengera, ndipo wosewera amene wagwetsa anayi nthawi imodzi amamva kukoma. Ntchito yawo yeniyeni ndi kutseka njira ndi kunyamula miuni.

Nkhondoyo muigawe pawiri. HP ya mdani ikafika theka, chinachake chisinthe chooneka ndi maso, ndipo njira imene osewera amapambanira ileke kugwira. Mfumu itaye chishango, idule yokha chingwe chimodzi cha mlatho, imenye ndi manja awiri mosasamala za moyo wake. Pamenepa sinthaninso mayankhulidwe ake. Chiyambire yakhala ikuyankhula mwaulemu, mawu otsika: "Mwafika, alendo anga. Pepani kuti sindinakuyalireni mphasa." Ikavulala ulemu wonse uthe: "Iwe, ndinakudyetsa ndi dzanja langa ili!" Kwa anthu amene anakula akudziwa kulemera kwa "inu", kusintha kumeneku kumaopsa kuposa kukuwa.

Pali lamulo lina limene limakwiyitsa osewera. Zilombo zikuluzikulu zimaloledwa kukana matsenga amene zalephera kuwapewa, kawirikawiri katatu pa tsiku. Sing'anga wa gulu amasunga mankhwala ake amphamvu mpaka lero, dayisi yamukomera, kenaka inu n'kungoti "wakana". Zimamveka ngati chinyengo. Lamuloli lipatseni thupi. Mfumu ivale zithumwa zitatu m'khosi, ndipo ikakana matsenga chimodzi chiphulike, utsi uli tolo. Tsopano sing'anga sanataye nthawi yake, wathyola chithumwa, ndipo gulu lonse layamba kuwerenga zotsala. Wakuba akaganiza zochidula ndi mpeni, mulekeni ayese.

Mawu a mdani alembeni pasadakhale, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zazifupi, chilichonse cholunjika kwa munthu mmodzi ndi chinthu chimene anachita kale. Ulaliki wautali ayi, wina amubaya ali pakati pa chiganizo, ndipo adzakhala kuti walondola.

4. Ikani nthawi poonekera

Osewera akadziwa kuti ali ndi nthawi yonse, amasewera mochenjera ndi mosamala, ndipo kusamala sikugunditsa mtima. Masewera a Blades in the Dark, amene John Harper anatulutsa mu 2017, amagwiritsa ntchito kabwalo kogawidwa zigawo 4, 6 kapena 8, ndipo chigawo chimadetsedwa zinthu zikamaipa. Ine ndimakonda chinthu chomveka ndi khutu. Tengani miyala 5 ya nsolo ndi mbale yachitsulo. Ulendo uliwonse ukatha, gwetserani mwala umodzi m'mbalemo, osanena kanthu. Koma tanthauzo lake mulinene momveka nkhondo isanayambe: mwala wachisanu ukagwa, mfumu yalowa m'bwato. Wotchi imene osewera sakuidziwa siopseza aliyense.

Lolani kuti zochita zawo zibweze mwala kapena kuufulumizitsa. Woboola bwato wagula ulendo umodzi. Wogwera m'madzi n'kufuna kupulumutsidwa wadya ulendo umodzi. Ndipo mwala womaliza ukagwa, chimene munanenacho chichitikedi. Mukangowamvera chisoni kamodzi n'kunamizira kuti mwaiwala kuwerenga, mbaleyo sadzaiopanso.

Kumwamba nakonso ndi wotchi yabwino. Angoni a Zwangendaba akuwoloka Zambezi mu November 1835 kunachita kadamsana, dzuwa linada masana, ndipo mpaka lero nkhani ya kuwolokako siikambidwa popanda mdimawo. Dzuwa limene likudyeka pang'onopang'ono ulendo uliwonse, nkhuku zikulowa m'khola masana, limagwira ntchito imodzimodzi ndi miyala ija. Palinso masewera otchedwa Ten Candles a Stephen Dewey, a 2015, amene amaseweredwa ndi makandulo 10 enieni omazimitsidwa imodziimodzi nkhani ikamapita. Mutha kubwereka nzeruyo ndi makandulo anayi.

5. Chipinda chenichenicho

Apa sindichedwapo, chifukwa ndi pophweka. Chepetsani kuwala koma mapepala aziwerengeka. Tochi ya foni yoikidwa pansi pa botolo la madzi imawalitsa tebulo mofewa. Magetsi akathima musadandaule, akuchitirani ntchito. Makandulo akhale m'mbale, kutali ndi mapepala ndi chitenge choyala patebulo, ndipo m'nyengo yozizira ya June ndi July musatsekere mbaula m'chipinda chopanda mpweya, utsi wa malasha umapha mwakachetechete.

Nyimbo zikhale zopanda mawu, ndipo muzitsitsiretu pafoni kuti bandulo kapena netiweki isakudulireni pakati. Zitatu zikwanira: ya poyamba, ya pamene mdani wavulala, ndi ya pambuyo pake. Ngati pali kang'oma, kugunda kumodzi pa chiyambi cha ulendo uliwonse kumaposa nyimbo. Nshawa ndi mbatata zidyedwe nkhondo isanayambe, ndipo mafoni onse, kupatula amene muli dayisi kapena pepala la munthu, apite m'dengu. Mugwirizane za nthawi. Nkhondo yotereyi imafuna maola awiri kapena atatu, ndiye musaiyambe patatsala mphindi 40 kuti wina athamangire kukwaya.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo kuno kwathu. Choyamba, pofuna zoopsa, dzanja limathamangira ku Gule Wamkulu. Lekani. Gule ndi chinthu chamoyo, UNESCO inamulemekeza mu 2005, amavinidwa pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo patebulo panu pakhoza kukhala wolowa amene sangakuuzeni chifukwa chimene wakhalira chete. Zilombo za kudambwe si adani oti aziphedwa ndi dayisi. Chimodzimodzi nkhondo ya Angoni ndi azungu ya 1898 ndi imfa ya Nsingo, mwana wa Mpezeni: zidzukulu za anthu amenewo ndi anzathu omwe tikusewera nawo. Bwerekani mapiri, mitsinje ndi nyengo, koma mafumu ndi mizimu mupeke zanu.

Chachiwiri ndi eni nyumba. Mayi akamva ana m'chipinda chamdima, makandulo akuyaka, wina akukuwa za mfiti, madayisi akugubuduzika, ali ndi chifukwa chofunsira. Afotokozereni masana, muwaonetse mapepala, adziwe kuti ndi nthano yosewera ndipo palibe ngwee imene ikubetchedwa. Osewera nawonso apatseni njira yoimitsira chinthu chimene chawapweteka. Khadi lolembedwa X, nzeru ya John Stavropoulos, limaikidwa pakati pa tebulo, ndipo wolikhudza safunsidwa chifukwa. Ngati m'gulu muli wina amene waferedwa mwana posachedwa, pa mlatho paja pasakhale mwana.

6. Tsiku lenilenilo: pakamwa panu

Yambani ndi mphindi imodzi yokha ya kufotokoza, ndipo musayambe ndi maso. Fungo la udzu wopserera, mkokomo wa madzi umene ukumeza mawu, mlatho ukunjenjemera pansi pa mapazi. Tchulani zinthu zitatu zogwirika zija, tchulani nkhokwe, mwana ndi bwato, ikani mbale ya miyala patebulo. Kenaka muwapatse mphindi zisanu akangane za mapulani. Musawathandize.

Wokamba nthano akati "padangokhala" amadikira "tili tonse", ndipo akaona kuti yankho layamba kufooka amadziwa kuti ana akugona, afulumire kufika pa nyimbo. Inunso muzimvetsera tebulo chomwecho. Anthu akatsamira kutsogolo, chedwani, tafunani mawu. Akayamba kutsamira kumbuyo, dulani zofotokoza, gwetsani chinachake.

Chida chachikulu ndi mmene mumaperekera nthawi kwa wotsatira. Musamati, "Chabwino, tsopano ndi inu." Mupatseni vuto m'manja: "Mkondo wa mnzanu waphonya, mfumu yabwerera matabwa awiri, ndipo kumbuyo kwanu denga la nkhokwe lagwira, moto uli lawilawi. Muchita chiyani?" Chiganizo chimodzi cha zimene zangochitika, chimodzi cha zimene zikumuopseza iyeyo, kenaka funso. Mukatero palibe amene angafunse kuti "tili pati kodi?"

Nambala iliyonse isafotokozedwe ngati ndakatulo, mutopa ndipo iwonso atopa. Kumenya wamba kupite ndi mawu atatu. Mphamvu zanu zisungireni malo anayi kapena asanu: magazi oyamba, dayisi ikagwa pa 20, kugwa kwa mnzawo, kusintha kwa mdani, ndi nkhonya yomaliza. Pamenepo chiyankhulo chathu chili ndi zida zimene simufunika kuzifunafuna. Thabwa lingoti thyo, munthu m'madzi chubwi, kumwamba kuli bii, maso a mfumu ali psuu. Kuphonya nakonso kukhale ndi nkhope. Msilikali wodziwa nkhondo saphonya chifukwa ndi chitsiru, waphonya chifukwa mphunzitsi wake uja akudziwa kale kumene mkondo ulowere, popeza ndiye anamuphunzitsa.

Liwiro lisungeni ndi timalamulo ting'onoting'ono. Lembani mndandanda wa initiative pakhadi loonekera kwa onse. Potchula woti achite, tchulaninso wotsatira kuti akonzeke. Dayisi yomenyera ndi yowerengera bala ziponyedwe limodzi. Kwa anyamata a mdani gwiritsani ntchito nambala yapakati imene yalembedwa kale m'buku m'malo moponya. Mkangano wa malamulo ukabuka, gamulani pomwepo mokomera wosewera, buku mudzatsegula mawa. Wochedwa kuganiza mupatseni mphindi imodzi, ikatha mumufunse mwaulemu ngati munthu wake angodziteteza ulendo uno. Koma wosewera watsopano kapena wamanyazi musamuthamangitse chomwechi, mupatseni zinthu ziwiri asankhepo.

Madayisi anu aponyeni poyera. Masiku ena onse mutha kubisa kuseri kwa katoni, koma lero ayi. Musanaponye dayisi yofunika, nenani nambala imene ikufunika ndi chimene chichitike: "Akapeza 12 kapena kuposa, chingwe chaduka." Mukatero tebulo lonse limayang'ana kanthu kamodzi kakugubuduzika, ndipo palibe mawu anu amene angapose pamenepo. Wosewera akachita chinthu chanzeru ndi bwalo, mulipireni ndi mwayi woponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu. Si mphatso yaing'ono: pamene pakufunika 11, mwayi umachoka pa 50 kufika pa 75 pa 100. Amene mumasewera ndi madayisi awiri a Ludo, njira ya Apocalypse World ya 2010 ndi yabwino kwambiri pa nkhondo zotere: mukaphatikiza madayisi awiriwo, 10 kapena kuposa wapambana, 7 mpaka 9 wapambana koma walipira kanthu, 6 kutsika zaipa. Pa maponyedwe 36 otheka, 15 amagwera pakati paja, ndiye nthawi zambiri mumakhala mukufunsa kuti, "Mwana mwamugwira, koma mutaya chiyani, mkondo kapena malo amene mwaima?"

Wina akagwa, zimitsani nyimbo. Malamulo a Dungeons & Dragons amati aziponya dayisi nthawi yake iliyonse: 10 kapena kuposa ndi bwino, zabwino zitatu wapulumuka, zoipa zitatu wapita, 1 imawerengedwa ngati zoipa ziwiri, ndipo 20 imamudzutsa ndi HP imodzi. Musalole kuti izi zipite ngati kusaina kaundula. Asanaponye mumufunse chimene munthu wake akuona kapena kukumbukira ali chigonere, ayankhe chiganizo chimodzi, kenaka aponye onse akuona.

Nkhonya yomaliza si yanu. HP ya mdani ikatha, musanene kuti wafa. Yang'anani wosewerayo mumuuze kuti, "Ndi wanu. Tiuzeni mmene zathera." Ena adzafotokoza zoopsa, ena adzamusiya wamoyo kuti akaweruzidwe kubwalo la mudzi, ndipo zimenezo zikhoza kukupatsani nkhani ya miyezi ina itatu.

7. Zikapotoka

Zidzapotoka ndithu. Ngati amugwetsa pa ulendo woyamba ndi nzeru imene simunaiganizire, asiyeni apambane. Nkhokwe zikadali kupsa, mwana akadali pa mlatho wothyoka, ndiye nkhondo sinathe ngakhale mdani wagwa. Apa m'pamene ntchito ya gawo loyamba ija imakulipirani. Kumuukitsa ndi HP yatsopano imene simunaikonze kumaoneka, ndipo kumawabera chimene achipeza ndi mutu wawo.

Ngati akugonja, musayambe kuphonya dala, ndipo musatumize ngwazi yochokera kumwamba kuti iwapulumutse. Kumbukirani chimene mfumu ikufuna: bwato, osati mitembo yawo. Ikapeza mpata ipite, iwasiye ali moyo ndi manyazi awo. Kapena iwapatse malonda: "Ndisiyeni ndiwoloke, mwanayu mutenge." Kapena muwaonetse njira yothawira yokhala ndi mtengo wake. Kugonja kumene kwasiya mudzi wopanda chakudya ndi mdani tsidya lina ndi nkhani yabwino kuposa kupambana kopatsidwa.

Ngati nkhondo yatsimikizika kale koma patsala anyamata asanu ndi mmodzi oti aphedwe, idulani. Ataye zida, athawire m'tchire, kapena mufunse osewera kuti awamaliza bwanji popanda dayisi.

8. Mphindi 15 zomaliza

Siyani nthawi imeneyi dala, ngakhale zitatanthauza kufupikitsa nkhondo. Yatsani magetsi kapena tsegulani zenera, anthu apume, amwe madzi. Kenaka nenani mosabisa chimene chapulumuka ndi chimene chatayika: nkhokwe ziwiri mwa zinayi zapsa, mwana ali moyo, mphunzitsi uja madzi amutenga. Zungulirani tebulo, aliyense anene chimene munthu wake akuchita m'mawa mwake. Amene munthu wake wafa ayankhule pomaliza, ndipo anene yekha mmene akufuna kuti aikidwe ndi amene atenge zida zake.

Kugawana chuma ndi kukweza ma level (msinkhu wa mphamvu za anthu awo) zidikire sabata yamawa, zimaziziritsa chipinda msanga. Onetsetsani kuti okhala kutali, makamaka atsikana ndi ana asukulu, anyamuka nthawi yabwino kapena ali ndi wowaperekeza. Inuyo musanagone lembani m'kope anyamata a mdani amene athawa, malonjezo amene osewera apanga nkhondo ili mkati, ndi aliyense wa m'mudzimo amene tsopano ali nawo chifukwa, popeza pofika Lachitatu mudzakhala mutaiwala theka.